Mbava Zitatu ndi Mutu wa Jenerale Vuruku

Pulani yonse inabadwira m'galaja ya Obby ku Girrawheen, mumzinda wa Perth ku Australia, Lamlungu lina masana m'chaka cha 2021, anthu oopa Mulungu asanavule n'komwe zovala za kutchalitchi. Ndipo ndikuuzireni poyambirira pomwe, pulani yobadwa mabotolo atayamba kale kugubuduzika pansi musamavutike kuipatsa dzina. Siikhalitsa.

Analipo atatu. Woyamba anali Zikani, mnyamata wa ku Area 25 wosamalira okalamba ku Morley, amene anzake ankamutcha Jenerale. Mwini galaja, Obby wa ku Lusaka, ankayendetsa vani yoperekera katundu, koma ankadzitcha yekha Profesa chifukwa anaphunzirako za makompyuta temu imodzi asanathawe mayeso. Wachitatu anali Harvey, wokolopa m'chipatala, amene aliyense ankamudziwa ndi dzina loti Jiki, poti fungo la mankhwala okolopera linkafika pakhomo mwini wake akadali pa basi.

"Amwene, ine ndafa," anatero Zikani, akuponya foni patebulo. "Gemu ija yauka."

"Gemu iti?" anafunsa Jiki.

"Zilipo zingati? Yomwe inandipatsa dzinali!"

Apa ndibwerere m'mbuyo pang'ono, chifukwa inu simunalipo. Chaka cha 2019 kunali kakampani ku Northbridge, pamwamba pa lesitilanti ya manudulo, kamene kankapanga gemu ya pakompyuta ya nkhondo za m'mlengalenga. Munali zombo zouluka, mapulaneti ofiira, ndi mtundu wa zilombo zobiriwira za maso anayi zotsogoleredwa ndi Jenerale Vuruku. Chimene chinkasowa chinali chilankhulo cha zilombozo. Tsiku lina mwini kampani anamva Zikani akukalipira mlamu wake pafoni m'sitima, ndipo anaimirira pomwepo n'kunena kuti mawu amene wakhala akuwafuna ndi amenewo. Munthu wina akanakwiya kumva kuti Chichewa chikumveka ngati cha zilombo. Zikani anangofunsa kuti ayambe liti.

Ntchito yake inali yophweka. Loweruka lililonse ankalowa m'kachipinda, kuima kutsogolo kwa maikolofoni, n'kumalankhula chilichonse mwaukali. Tanthauzo akanadzalemba okha pansi pa chithunzi m'Chingerezi. Masabata oyamba anatchula maboma onse kuyambira Chitipa mpaka Nsanje, kenako ndiwo zonse zimene ankazilakalaka. Zitatha zimenezo, Satana anamukhala pa lilime, nayamba miseche. Jenerale Vuruku akulamula zombo kuti ziphulitse dziko, koma zotuluka pakamwa pake zili za ndani amawodzera m'kwaya, ndani amadaya ndevu, ndani anakalandira mkazi wa mwini ku eyapoti. Amalawi ndi Azambia a mu Perth onse analowa m'gemu imeneyo osadziwa.

Wojambula mawuwo anali mtsikana wakhungu lathu lomweli, wokulira konkuno, amene onse ankamutcha Sue. Zikani ankadziona kuti ndi wochenjera, choncho tsiku loyamba anamuyesa. Anati, "Muli bwanji, chemwali?" Mtsikanayo anayankha m'Chingerezi cha kuno chija chotulukira m'mphuno kuti ali bwino, zikomo. Mtima wa Zikani unakhala pansi. Anati uyu Chichewa sachidziwa, onani wayankha m'Chingerezi.

Miseche ina yonse ikanakhululukidwa. Koma nthawi imeneyo Zikani ankafunsira Gladness, namwino wa ku Morley, ndipo Gladness ankamukana Lamlungu lililonse. Tsiku lina atakanidwa mowawa, analowa m'kachipinda kaja n'kubangula kuti iye za Gladness alibe nazo ntchito, chimene akufuna ndi mapepala ake basi, poti mtsikanayo anali ndi chilolezo chokhala m'dziko muno mpaka kalekale pamene viza ya Zikani inali ya kanthawi. Linali bodza la munthu wopwetekedwa mtima. Zoona zake n'zakuti ankamukonda Gladness moti akamuona ankaiwala pomwe waimika galimoto. Ndipo tsopano Gladness anali atalola, ankhoswe atakambirana, chinkhoswe chili mwezi wamawa.

Mliri wa kolona utabwera, olipira gemu anabweza manja, kakampani kanatsekedwa, gemu inafa isanabadwe. Achinyamata amene anaipanga analira. Zikani anakapereka chopereka cha chiyamiko kutchalitchi osanena chifukwa chake.

"Ndiye lero ndaona pa intaneti," anapitiriza m'galaja muja. "Kuli gulu la anthu amene ntchito yawo ndi kufukula magemu akufa. Bwana uja walengeza kuti Loweruka likubwerali awapatsa zonse zotsala mu ofesi, aziike poti aliyense aone. Gladness akangomva zija, amwene, ine basi. Zanga zada."

"Chilengezocho wawerenga mpaka kumapeto?" anafunsa Jiki.

"Ndawerenga mutu wake, miyendo n'kuzizira. Ukufuna ndikomoke?"

Obby anaika botolo pansi mwaulemu, n'kukonza magalasi ake amene analibe mphamvu iliyonse.

"Manje lekani Profesa akambe. Ivi ni vinthu ving'ono. Mau yako yali mu hadi diraivu, kabokosi monga ka sopo. Tingena, titenga, tichoka. Masiku yano munthu ovala gauni, masiki na magolovesi sibamufunsa mafunso. Tizakamba ati tabwera kupopera tuzilombo twa kolona. Ba Jiki, muzabweretsa vovala. Usiku ni wa bakawalala osaphunzira. Ise tizayenda muzuba, monga ba boma."

"Nanga akatigwira?" anatero Jiki.

"Kugwira munthu wa kolona? Ndani, mwana? Bazathawa beka!"

Apa Profesa ananena zoona zokhazokha, ndipo vuto linali pomwepo. Anawombanitsa mabotolo, Zikani n'kukumbatira Obby, n'kumulonjeza kuti mwana woyamba adzamutcha dzina lake. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Lachisanu m'mawa vani ya Obby inaima pakati pa Northbridge. Muzikumbukira kuti Perth nthawi imeneyo inali itadzitsekera ngati fulu m'chigoba. Malire otseka, matenda kulibe, anthu akumwa khofi panja nkhope zili poyera, koma aliyense akudziwa kuti wodwala mmodzi yekha amatseketsa mzinda wonse. Ndiye tangoganizani anthu atatu ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kunsapato akutsika m'vani, wina atanyamula ndowa ndi mopu, wina thanki yopopera kumsana, wina chikwama cha zida chopanda zida.

Mayi wina anagwetsa kapu. Bambo wina ananyamula galu wake m'manja n'kuwoloka msewu osayang'ana magalimoto. Malo omwera khofi anakhuthuka ngati mwalowa njoka, ndipo amene anathawira patali anatulutsa mafoni n'kuyamba kujambula.

"Mwaona?" ananong'ona Obby m'kati mwa masiki. "Ulemu."

"Aise, anthuwa akutijambula," anatero Zikani.

"Bajambula pulasitiki chabe. Yenda monga dokotala."

Makiyi a nyumbayo ankasunga mdala wina woyera tsitsi amene ankakhala m'kaofesi pansi pa masitepe. Obby anamuthira Chingerezi chachikulu, chodzaza ndi mawu amene iye mwini sankawadziwa, kuti atumidwa kudzapopera ofesi ya pamwamba. Mdalayo sanafunse kalata, sanafunse dzina. Anabwerera chafutambuyo mpaka kugunda khoma, anawaponyera makiyi ali patali, n'kudziphimba pamphuno ndi chipewa.

Atatuwo anakwera masitepe akugwedeza mapewa. Chimene sanaone n'chakuti mdala uja anatuluka panja, anakoloweka tcheni pachitseko cha kumsewu, n'kuimbira a zaumoyo kufunsa kuti kodi wodwala m'nyumba yakeyo ndi ndani.

Pakhomo la ofesi Jiki anawomba m'manja. "Odi!"

"Ukuodira ndani?" anakalipa Zikani. "Ndife mbava!"

"Mbava kapena ayi, ine ndinaleredwa."

M'katimo munali ngati nyumba ya maliro akale. Makatoni mbwee. Pamakoma panali zojambula za zombo zooneka ngati nsomba zachitsulo, mizinda yolendewera pansi pa mitambo, ndi mapu a dziko limene palibe amene adzapondemo. Pashelefu panali mapulaneti oumba ndi dongo, ena osamaliza kupenta. Pakona panaima Jenerale Vuruku mwini wake, chovala chonse cha chilombo chimene ankapita nacho ku zionetsero, chimutu chake chachikulu ngati mtsuko, maso anayi ali tong'o.

Obby anaima kutsogolo kwa chojambula china nthawi yaitali. "Aba bana benze na nzeru," anatero motsitsa mawu. "Zaka na zaka, vonse mu makatoni." Kenako anakumbukira kuti ndi mbava, n'kuyamba kung'amba makatoniwo.

Jiki naye anali ndi zake. Munthu amene wagwira ntchito m'chipatala nthawi ya mliri sangalowe m'chipinda chotseka n'kukhala chete. Anatsegula mawindo onse kuti mphepo iziyenda, anathira mankhwala m'ndowa osayeza, n'kuyamba kukolopa.

"Iwe, ukutani?" anafuula Zikani.

"Taona fumbili. Anthu akadzalowa adzati chiyani? Adzati okolopa ake anali ndani?"

"Palibe okolopa! Tikunama!"

"Iwe uzinama. Ine dzina langa sindiipitsa."

Ma hadi anawapeza, ambiri ndithu, aliyense ndi chizindikiro chake. Wina wa nyimbo, wina wa zombo, wina wa mapulaneti, wina wa zilombo zikuyenda, wina wa zilombo zikufa. Wa mawu kunalibe. Anagwetsa madirowa, anasuzumira m'firiji, Zikani mpaka anakwawa kunsi kwa matebulo gauni n'kung'ambika kumbuyo. Thukuta linadzaza m'magolovesi.

Ndiye kunja kunamveka saireni.

Anasuzumira pawindo atatu onse, mitu itasanjikizana. Abale inu! Msewu wonse unali utatsekedwa ndi tepi. Apolisi mbali iyi, a wailesi yakanema mbali iyo, ndipo kuseri kwa tepi kunali chinamtindi cha anthu. Wapolisi wina anakweza chimkuzamawu n'kulengeza mwaulemu kuti amene ali m'mwambamo asachite mantha ndipo asatuluke, anamwino akubwera kudzawayeza.

Zikani anathamangira pansi, anakankha chitseko, tcheni chinalira. Anakweranso akupuma ngati wathamangitsidwa ndi galu.

"Atitsekera! Profesa, atitsekera!"

Obby sanatekeseke. "Nkalani pansi, ba Jenerale. Ganizani bwino. Sibaziba ati ndise bakawalala. Baganiza ndise odwala. Uku ni kukwezedwa pa nchito. Bazatipima, bazapeza tilibe, bazatipepesa, mwina na kutipasa tiyi."

"Nanga hadi?"

"Ngati ise akatswiri sitinaipeze, ninshi kulibe."

Anakhala pamakatoni kudikira. Kudikira n'kovuta kwa munthu ngati Jiki akamaliza kukolopa. Anazungulirazungulira, anapukuta mapulaneti, kenako anaima pamaso pa Jenerale Vuruku n'kuona kuti chimutu chija chili ndi fumbi. Anachizula kuti achipukute. Atachipukuta, mtima wa chibwana unamugwira, anachivala.

"Mayo!"

Mawuwo anatulukira m'kati mwa chimutu. Chinthu china cholimba chinali chitamuswa pamphuno. Atavula, kabokosi kakuda kanagwera pamiyendo pake, tepi yakale ikulendewera. Pamwamba pake panalembedwa ndi cholembera chofiira: Osakhudza. Vamanyazi.

Tsono munthu wanzeru akanaima pamenepo n'kudzifunsa kuti kodi mu ofesi ya azungu ndani walemba Chinyanja, ndipo ndani wabisa chinthu m'mutu mwa chilombo. Koma Zikani anangokalanda kabokosiko, kukapsompsona kudzera m'masiki, n'kuyamba kuvina gauni yong'ambika ikupepeluka kumbuyo.

"Ndapulumuka! Gladness wanga, ndapulumuka! Tiyeni tichiphwanye pompano."

"Iyayi," anatero Obby, atakweza chala. "Sayansi siyenda so. Tiziba bwanji ati ni yamene iyi? Mungaphwanye nyimbo za bene, mau yanu yasala. Tiyese mbali ing'ono chabe."

"Palibe chifukwa, aise. Ndi yomweyi."

"Bwanji ukutuluka thukuta?" anafunsa Jiki, akusisita mphuno. "Muli chiyani m'menemo choti ife tisamve?"

"Palibe! Za Gladness zokha."

Obby ndi Jiki anayang'anana. Kompyuta yaikulu ya wojambula mawu inali ikadali patebulo, yolumikizidwa ku masipika awiri aatali ngati mwana wa sukulu. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake, Profesa analumikiza chingwe pamalo oyenera. Kokwezera mawu sanakaone, ndipo kanali kumapeto.

Nyumba inagwedezeka. Mawu a Zikani, atakulitsidwa ndi makina mpaka kumveka ngati bingu la m'phanga, anatulukira m'mawindo onse aja anatsegula Jiki.

"Imvani inu zombo zonse! Harvey amene mumamutcha Jiki anajambulitsa atavala chovala cha dokotala n'kutumizira mayi ake ku Ntcheu! Mudzi wonse ukuti mwana wathu ndi dokotala! Eya, dokotala wa zimbudzi!"

Jiki anaimika mopu pang'onopang'ono. Obby anaseka mpaka magalasi anachita nthunzi.

"Zimitsa!" anakuwa Zikani, akudumphira chingwe. Jiki anamutchera mwendo, anagwa chafufumimba, ndipo Jiki anamukhalira pamsana.

"Ayi, a Jenerale. Timve zonse."

"Ndipo Obby uja!" linapitiriza bingu. "Profesa wa chiyani? Kompyuta yake itazima anapita nayo kwa abusa kuti akaipempherere! Abusa anasala kudya! Batire inali itangotha!"

Kuseka kwa Obby kunaduka ngati wameza fupa. Anayenda mwakachetechete n'kukhalira miyendo ya Zikani.

Kunja zinthu zinali zitasintha. Poyamba anthu anadzidzimuka, ena n'kubisala kuseri kwa magalimoto. Koma ku Northbridge makhitchini ambiri ali ndi anthu athu, otsuka mbale, ophika, operekera zakudya, ndipo onse anali atatulutsidwa panja chifukwa cha tepi ija. Anamva Chichewa chikugwa kuchokera kumwamba. Mmodzi anagwira pakamwa, wina anakhala pansi pamsewu ndi kuseka, wachitatu anayamba kumasulirira azungu amene anali pafupi, mwaulere, ndi kuwonjezera ndiwo zake. Achinyamata ena okonda magemu anazindikira mawuwo n'kuyamba kukumbatirana, akufuula kuti ndi Vuruku, Vuruku wapezeka. Mafoni onse analoza kumwamba.

"A Evaristo!" anabangula Jenerale. "Amalume a Gladness, mkulu wa mpingo! Mukudziwa chifukwa chake pemphero lawo la chakudya silitha? Amatsegula diso limodzi kusankha nthuli yaikulu!"

"Amenewo ndi ankhoswe a mkazi wako," anatero Jiki, akumuyang'ana pansi. "Unalibe ndi mantha omwe?"

"Chonde, abale anga," analira Zikani, tsaya lili pansi ponyowa. "Ndikupepesani mawa, ndikupepesani chaka chonse. Yotsatirayo ndi ya Gladness. Ndikupemphani m'dzina la Mulungu, zimitsani."

Mwina akanamumvera, chifukwa mawu akewo anali a munthu amene akumira. Koma masitepe analira, chitseko chinatseguka, ndipo analowa namwino atavala zoyera zenizeni, osati zobedwa, chikwama cha zoyezera chili m'manja. Obby ndi Jiki anauma pomwe anakhalapo. Namwinoyo anangoima pakhomo.

Tsoka silinunkha. Chiyambire mliri, Gladness anali atasamutsidwira ku gulu loyendayenda loyeza anthu, ndipo tsiku limenelo gulu lake ndi lomwe linali pafupi. Mawu a bwenzi lake anawazindikira ali m'galimoto. Za amalume ake anazimvera pamasitepe, ndipo anthu amati anasekako pang'ono.

"Tsono za Gladness!" linatero bingu. "Akuyesa ndimamukonda? Asa! Ine za iye ndilibe nazo ntchito! Ndikufuna mapepala ake basi! Ndikangopeza chilolezo, ndidzamusiya pa siteji ya basi ku Morley ngati ambulera yothyoka!"

Msewu wonse unati zii. Ngakhale womasulira uja sanamasulire.

"Zikani," anatero namwinoyo.

Dzina lokhalo linakwana. Mphamvu zimene Zikani anazipeza pamenepo palibe akudziwa kumene zinachokera. Anagudubuza Jiki, anaponda Obby, anazula kabokosi kaja ndi chingwe chake chomwe, anayang'ana uku ndi uku, n'kukaponya m'ndowa ya Jiki. Chubwi! Masipika anatsokomola kamodzi n'kukhala chete.

Anavula masiki akupuma wefuwefu. "Gladness, zimenezo ndi za kale. Linali sewero. Ndi chilombo chimalankhula, si ine."

Gladness anaika chikwama patebulo n'kuyamba kutulutsa zoyezera, chimodzichimodzi, mosafulumira.

Nthawi yomweyo masitepe analiranso. Apolisi anali ataimba mafoni konsekonse n'kupeza kuti palibe ofesi imene inatuma opopera, ndipo palibe wodwala. Analowa awiri, maunyolo ali m'manja, ndipo pakati pawo panali mtsikana wa buluku la jinzi ndi tsitsi lofiira amene mdala wa makiyi anamuitana chifukwa ndiye ankayang'anira katunduyo. Anali Sue. Anayang'ana chimutu cha Jenerale chili pansi, anayang'ana chingwe chikulendewera m'mbali mwa ndowa, n'kugwira m'mutu.

"Mwachita chani imwe?"

Zikani anatembenuka ngati waitanidwa ndi mzukwa. "Sue? Iwe umalankhula...?"

"Zina langa ni Suwilanji," anatero mtsikanayo, Chinyanja chake chikutsimphina koma chikufika. "Bamayo ni ba ku Chipata. Kukamba nimachita manyazi, koma kumvera nimvera. Nenze kumvera vonse, ba Zikani. Vonse. Nenze kuyenda ku bafa kukaseka."

"Mayo ine," anatero Jiki, ngakhale nkhaniyo sinali yake.

"Kampani pamene inavalika, ninabisa iyo hadi mu mutu. Ninauza ba bwana ati mau yanasoba. Simunawerenge chilengezo? Chikamba ati tipasa vonse, koma mau ya vilombo yanataika. Banthu ba magemu bakhala balira chaka chonse. Kunalibe wamene enze kuzamvera. Kunalibe!"

Obby anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi golovesi. Jiki anayang'ana Zikani nthawi yaitali.

"Ndinakufunsa ine," anatero. "Ndinati wawerenga mpaka kumapeto?"

Zikani anatsamira khoma. Pawindo pankalowa phokoso la mafoni ambirimbiri akubwereza mawu ake, ena ali pa za abusa, ena pa za nthuli, ena atafika kale pa ambulera. Anafunsa ndi mawu ang'ono kuti nanga bwanji sanangoifufuta, bwanji anaisunga.

Suwilanji anayang'ana Gladness, kenako pansi.

"Chifukwa cha siku yothera. Munaganiza nazimya maikolofoni. Munankala pansi mu kachipinda, munayamba kulira. Munakamba mweka ati vonse vija ni boza. Ati uyu mukazi mumukonda kuchila moyo wanu, ati olo bamupoke mapepala yonse muzamukonka mpaka ku munzi, muzalima naye. Na ine ninalira. Nenze kufuna kuiliza pa ukwati wanu, ikhale mphatso." Analoza ndowa ija. "Yenze yokonkapo, ikangotha ya ambulera. Sembe munayembekeza chabe pang'ono."

Onse anatembenukira ku ndowa, ndi apolisi omwe, ngakhale sanamve liwu limodzi. Pamwamba pa madzi panatuluka kathovu kamodzi, kenako kena, kenako basi.

Zikani anagwada n'kuviika dzanja mpaka m'chigongono. Anatulutsa kabokosiko kakuchucha, anakapukuta pa gauni, anakapemerera, anakagwedeza pafupi ndi khutu. "Profesa, ungathe kukonza? Chonde, amwene. Tikaike mu mpunga."

Obby anapukusa mutu. Kwa nthawi yoyamba analibe pulani.

"Mankhwalawo ndinathira ambiri," anatero Jiki mwachisoni, koma ndi kunyada pang'ono. "M'menemo simupulumuka kanthu."

Wapolisi wamkulu anayandikira ndi maunyolo. Gladness anakweza dzanja n'kumuuza m'Chingerezi kuti adikire kaye, iye anatumidwa kudzayeza anthu ndipo sachoka asanayeze. Anakoka mpando, anauika pakati pa chipinda, n'kuuloza. Zikani anakwawa n'kukhalapo, kabokosi konyowa kali pachifuwa.

"Gladness, wamva? Wamva zimene wanena mwanayu? Ndinalira ine! Ndinati ndidzalima nawe! Mufunse, anenenso!"

Gladness anang'amba kapepala, n'kutulutsa kamtengo kaja ka thonje kunsonga. Kuseri kwa galasi lophimba nkhope maso ake anali ofiira, koma mawu anatuluka osalala ngati akulankhula ndi mlendo.

"Zimene ndamva ndi makutu anga ndazimva, ndipo msewu wonse wamva nane. Zinazo zili m'ndowa. Kwezani mutu, bambo."

Kamtengo kaja kanalowa m'mphuno mpaka pamene sikafika kwa anthu ena. Ndipo Jenerale Vuruku analira kachiwiri, koma ulendo uno panalibe maikolofoni yomujambula.